Cidindo ca 802.1p: Mmene Makina a Intaneti Amasankhila Uthenga Woyamba Kupita

Komboni ya Chaisa ili kumpoto kwa tauni ya Lusaka, m'mbali mwa msewu wa Great North, m'dela la Mandevu. Muli mabanja amene abale ao ali kutali, ndipo mulinso amalonda ocokela ku maiko ena monga Somalia, kotelo kuti kuimba foni kunja kwa dziko ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Amene anaimbapo foni yotele kudzela pa intaneti, kaya m'sitolo ya makompyuta kapena pa Wi-Fi ya pa nyumba imene anthu ambili amagawana, adziwa cimene cimacitika. Mau amamveka bwino kwa kanthawi, kenaka amayamba kuduka-duka pamene wina wa pafupi wayamba kucita daunilodi filimu. Njila ndi imodzi, ofuna kupitapo ndi ambili, ndipo makina sangadziwe okha kuti mau a munthu amene akulengeza malilo ndi ofunika kuposa cidutswa ca filimu.

Pofuna kuthana ndi vuto limeneli, akatswili a zamauthenga anakonza njila yoika cidindo pa cidutswa ciliconse ca uthenga, kuti makina a pa njila adziwe cimene ciyenela kupita coyamba ndi cimene cingathe kuyembekeza. Njila yofala kwambili yocitila zimenezi pa waya imadziwika ndi dzina lakuti IEEE 802.1p, ndipo nchito yonse yosamalila mauthenga molingana ndi mtundu wake imachedwa quality of service m'Cingelezi, mwacidule QoS. Omvela athu adziwiletu kuti cidindoci sicionjezela liwilo la intaneti ngakhale pang'ono. Ndi pempho cabe la malo abwino pa mzele, ndipo limagwila nchito pokhapo pamene makina olandila uthengawo avomela kulilemekeza.

Kalata ndi thumba lake

Uthenga wa pa intaneti suyenda wathunthu. Cithunzi, kalata kapena mau a munthu zimadulidwa m'tizidutswa ting'ono tochedwa mapaketi, ndipo paketi iliyonse imalembedwa adilesi ya kumene icokela ndi kumene ipita. Akatswili amagawa nchito yonyamula mapaketiwa m'magawo 7 osanjikizana, motsatila dongosolo la OSI limene bungwe la ISO linafalitsa mu 1984. Gawo lacitatu ndilo la IP, limene limatsogolela paketi kucokela ku Chaisa mpaka ku Johannesburg kapena ku London kudzela m'makina ochedwa marauta. Gawo laciwili, lochedwa link layer, lili ndi nchito yocepelapo: kunyamula paketiyo kucokela pa cipangizo cimodzi kufika pa cina ca m'netiweki yomweyo. Pa gawo limeneli paketi imakulungidwa m'cofunda cochedwa fulemu, ndipo makina amene amayendetsa mafulemu ndi maswichi, mabokosi aja okhala ndi timabowo tambili tolowetsamo waya.

Amene akumbukila masiku a makalata a ku positi angamvetse mosavuta. Paketi ili ngati kalata ya mu envulopu, pamene fulemu ili ngati thumba la positi. Envulopu imafika kwa mwini wake monga mmene inalembedwela, koma thumba limatsegulidwa pa positi ofesi iliyonse, ndipo kalata imaikidwa m'thumba lina. Rauta imacita cimodzimodzi: imavula fulemu yakale ndi kuveka paketi fulemu yatsopano. Cidindo ca 802.1p cimaikidwa pa thumba. Tanthauzo lake n'lakuti cimathela pa rauta yoyamba, kupatulapo ngati rautayo inauzidwa kuti icikopele pa thumba lotsatila.

Ethernet, mtundu wa netiweki ya waya umene uli m'maofesi, m'masukulu ndi m'masitolo a intaneti pafupi-fupi onse, inayambika mu 1973 ku Xerox PARC m'dziko la America, ndi a Robert Metcalfe pamodzi ndi anzao. Fulemu yake yoyambilila inalibe malo olembapo kufunika kwa uthenga. Mafulemu onse anali ofanana, wofika coyamba ndiye wopita coyamba. Zimenezi zinalibe vuto pamene makompyuta anali kutumizilana makalata okha, pakuti kalata yocedwa ndi sekondi imodzi palibe amaidandaula. Mau ndi kanema zitayamba kuyenda pa waya womwewo m'zaka za m'ma 1990, komiti ya IEEE 802 inapatsa kagulu kochedwa 802.1p nchito yokonza njila yosiyanitsila mauthenga. Zimene kaguluko kanagwilizana zinalowa m'lamulo la 802.1D la 1998, ndipo malo olembapo cidindo anapezeka m'lamulo lina la caka comweco, la 802.1Q. Palibe buku la lamulo limene linasindikizidwa palokha ndi dzina lakuti 802.1p, koma dzinalo linakhazikika pakamwa pa akatswili ndi pa makatoni a zipangizo.

Mabiti atatu, magulu 8

Lamulo la 802.1Q limalowetsa mabaiti 4 mkati mwa fulemu, pambuyo pa adilesi ya wotumiza. Ndiye cifukwa cake fulemu yaikulu kwambili inakula kucoka pa mabaiti 1518 kufika pa 1522. Mabaiti 4 ndi mabiti 32. Mabiti 16 oyamba ndi cizindikilo cabe, nambala 8100 m'kawelengedwe ka hexadecimal, couza swichi kuti fulemu ili ndi cidindo. Mabiti 12 omaliza ndi nambala ya VLAN, njila yogawila swichi imodzi kukhala manetiweki angapo osaonana, mwacitsanzo kupatula makompyuta a makasitomala ku kompyuta yosungilamo za ndalama. Biti imodzi, imene tsopano imachedwa DEI, imasonyeza fulemu imene ingatayidwe coyamba njila ikadzaza. Mabiti atatu otsalawo, ochedwa PCP, ndiwo cidindo ca kufunika kwa uthenga.

Mabiti atatu angalembe manambala 8 okha, kuyambila 0 mpaka 7. Pamwamba pali 7 ndi 6, zimene zimasungidwila mauthenga a makina okha-okha, aja ouzana kuti njila yakuti yaduka, tidzele kwina. Ndi mauthenga ocepa, koma akatayika netiweki yonse imasokonezeka, ndipo mau ndi kanema zimagwela pamodzi. Nambala 5 ndi ya mau, amene lamulo limafuna kuti asacedwe kupitilila mamilisekondi 10, ndipo 4 ndi ya kanema, amene amaloledwa kufika pa mamilisekondi 100. Nambala 3 ndi 2 ndi za nchito zofunika za kampani kapena bungwe. Nambala 0 ndiyo ya uthenga wamba.

Cimene cimadabwitsa ophunzila ambili n'cakuti nambala 1 ili pansi pa 0. Cifukwa cake n'comveka. Fulemu iliyonse yobwela yopanda cidindo imawelengedwa ngati 0, ndipo mafulemu otele ndiwo oculuka. Panafunika gulu lina lotsikilapo la zinthu zosafulumila konse, monga kukopela mafaelo usiku kuti asungidwe, ndipo popeza pansi pa 0 panalibe nambala ina, gululo linapatsidwa 1. Ndiponso ndandanda imeneyi inasinthapo. M'lamulo la 802.1D mau anali pa 6 ndipo kanema pa 5; ndandanda imene tafotokozayi inabwela ndi 802.1Q ya 2005. Katswili amene akulumikiza swichi yakale ndi yatsopano ayenela kuona buku la ciliconse, cifukwa manambalawa ndi malangizo, ndipo mwini netiweki ali ndi ufulu wowagawa mwanjila ina.

Zimene zimacitika pa mzele

Swichi ikalandila mafulemu ambili ofuna kutulukila pa kabowo kamodzi, imawasunga pa mzele. Popanda cidindo mzele ndi umodzi. Pokhala cidindo, swichi imakhala ndi mizele ingapo pa kabowo kalikonse: zina zili ndi 8, zina 4, zina ziwili cabe, ndipo zikatelo magulu angapo amaphatikizidwa pa mzele umodzi. Njila yosavuta yotulutsila mafulemu ndiyo kuyamba ndi mzele wapamwamba mpaka uthe, kenaka wotsatila. Kuipa kwake n'kwakuti mzele wapamwamba ukapanda kutha, apansi amafa ndi njala. Conco maswichi ambili amagawa mwa miyeso, kupatsa mzele uliwonse mpata wake mosinthana, wina waukulu wina waung'ono, ndipo mzele wa mau umaloledwa kudumpha onse koma umaikilidwa malile.

Masamu ocepa asonyeza pamene cidindo cimathandiza. Paketi yaikulu ya mabaiti 1500 ili ndi mabiti 12,000. Pa waya wa mkati mwa sitolo, wa liwilo la mamegabiti 100 pa sekondi, imatuluka m'mamilisekondi 0.12, nthawi imene khutu silingaizindikile. Tiyelekeze tsopano kuti njila yocoka m'sitoloyo kupita ku kampani ya intaneti ndi ya makilobiti 256 pa sekondi. Paketi yomweyo imatenga mamilisekondi 47. Foni ya pa intaneti kawili-kawili imatumiza kapaketi ka mau pa mamilisekondi 20 alionse, kutanthauza tumapaketi 50 pa sekondi. Kapaketi kamodzi kakapeza mapaketi akulu 10 a zithunzi patsogolo pake, kamayembekeza mamilisekondi 470, pafupi-fupi theka la sekondi. Bungwe la ITU, m'malangizo ake a G.114, limati mau ocoka pakamwa pa wolankhula asapitilile mamilisekondi 150 asanafike m'khutu la womvela ngati makambilano ati ayende bwino. Kupitilila apo anthu amayamba kudulana mau. Pokhala cidindo colemekezedwa, kapaketi kaja kamayembekeza paketi imodzi yokha imene yayamba kale kutuluka, ndipo 9 enawo amatsala pambuyo.

Masamu omwewo asonyezanso kuti pamene njila ndi yotakata ndipo mzele palibe, cidindo cilibe nchito. Mkati mwa sitolo ya makompyuta 10 maswichi sadzaza kawili-kawili. Pothina ndi pa khomo lotulukila, pamene pali rauta, ndipo m'pamene mwini sitolo ayenela kuikapo mtima. Rautayo iyenela kuwelenga cidindo ca pa fulemu ndi kucigwilitsila nchito pa mzele wake, kapena kucisandutsa cidindo ca pa envulopu. Cidindo ca pa envulopu cimachedwa DSCP, cili ndi mabiti 6 mkati mwa paketi ya IP, ndipo cinakhazikitsidwa ndi bungwe la IETF mu December 1998 m'cikalata ca RFC 2474. Mau amalembedwa 46 pa DSCP, ndipo akatswili amaigwilizanitsa ndi 5 ya PCP.

Nkhani yovuta kwambili pa zonsezi si ya makina koma ya cikhulupililo. Kompyuta iliyonse ingathe kudzilembela 7 pa mafulemu ake, ndipo onse akatelo mzele umabwelela pa umodzi. Pa kiliniki iliyonse odwala onse angakonde kuonedwa coyamba, koma ndi nesi amene amayang'ana ndi kupititsa patsogolo mwana amene akupuma movutikila. Pa netiweki nesi ameneyu ndi swichi yoyamba. Woyang'anila amaiuza timabowo timene iyenela kukhulupilila ndi timene iyenela kufafaniza cidindo ndi kulemba 0. M'maofesi mmene foni ya pa tebulo ndi kompyuta zimagawana waya umodzi, foniyo imalemba 5 pa mau ake, ndipo zocokela ku kompyuta zimatsitsidwa kukhala uthenga wamba.

Makampani a intaneti amacita cimodzimodzi kwa makasitomala ao. Sakakamizidwa kulemekeza cidindo cocokela m'sitolo ya ku Chaisa, ndipo ambili pa dziko lonse amacifafaniza pa khomo pao pokhapokha ngati pali pangano la malipilo. Mkati mwa netiweki yao amaika zidindo zao. Lamulo la 802.1ad la 2005 limawalola kuveka fulemu ya kasitomala cidindo caciwili pamwamba pa coyamba, cokhala ndi PCP yakeyake, ndipo njila ya MPLS nayonso ili ndi mabiti atatu a nchito yomweyi. Motelo uthenga wocoka ku Chaisa kupita ku London umadutsa m'manja mwa makampani angapo, iliyonse ndi malamulo ake, ndipo palibe cidindo cimodzi cimene cimalamulila ulendo wonse.

Pa mphepo ndi pa nsanja

Anthu ambili a m'makomboni a Chaisa, Kanyama, Matero ndi Chawama salumikiza waya ku foni zao, koma cidindo cimawakhudzabe. Wi-Fi nayo ili pa gawo laciwili, ndipo inalandila dongosolo lake m'lamulo la 802.11e la 2005, limene pa zipangizo limalembedwa WMM. Magulu 8 aja amaphatikizidwa kukhala anai: 6 ndi 7 ndi mau, 4 ndi 5 ndi kanema, 0 ndi 3 ndi uthenga wamba, 1 ndi 2 ndi zosafulumila. Pa mphepo palibe swichi yoimika mzele. Cipangizo ciliconse cimamvetsela ngati mphepo ili zii, cimayembekeza kanthawi, ndiyeno cimalankhula. Uthenga wa gulu la mau umaloledwa kuyembekeza kanthawi kocepa kuposa ena, kotelo kawili-kawili umapambana, koma osati nthawi zonse.

Apa pali msampha umene unavutitsa akatswili kwa zaka zambili. Nambala 46 ya DSCP ikalembedwa m'mabiti ndi 101110, ndipo zipangizo zambili zimangotenga mabiti atatu oyamba, 101, amene ndi 5. Pa waya 5 ndi mau, koma pa Wi-Fi 5 ndi kanema. Conco mau anali kugwela m'gulu laciwili popanda wozindikila. Mu 2018 IETF inatulutsa RFC 8325 yolangiza kuti 46 ipatsidwe 6 ikafika pa Wi-Fi. Ngakhale zitakonzedwa motelo, m'komboni mmene nyumba ndi zothithikana, marauta a anansi amalimbilana mphepo imodzi, pakuti pa 2.4 GHz njila zosaloŵelelana zimene zimagwilitsidwa nchito kwambili ndi zitatu cabe, 1, 6 ndi 11.

Nsanja za foni za m'manja zili ndi magulu aoao. Pa 4G gulu lililonse lili ndi nambala yochedwa QCI: 1 ndi ya mau a foni, pamene 8 ndi 9 ndi za intaneti wamba. Kucokela pa nsanja, mauthenga amapita ku likulu la kampani kudzela pa faiba kapena pa mbale za microwave, nthawi zambili m'mafulemu a Ethernet, ndipo kumeneko magulu aja amasandutsidwa DSCP ndi PCP. Ici ndi cimodzi ca zifukwa zimene foni yoimbidwa mwa nthawi zonse imamveka bwino madzulo pamene ya pa WhatsApp ikuduka pa nsanja yomweyo. Foni ya nthawi zonse ili ndi njila yake yosungidwa, pamene mau a pa WhatsApp amayenda m'gulu limodzi ndi mavidiyo a aliyense wa m'delalo.

Mbili ya intaneti m'dziko muno isonyeza bwino malile a cidindo. Zambia inalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzela ku ZAMNET, kampani imene inabadwila pa University of Zambia, ndipo kwa zaka zambili mauthenga opita kunja anali kudalila setilaiti. Setilaiti yoima malo amodzi kumwamba ili pa mtunda wa makilomita 35,786. Kukwela ndi kutsika kokha kumatenga mamilisekondi pafupi-fupi 240, kupitilila kale muyeso wa ITU uja uthenga usanaime pa mzele ulionse. Kucedwa kwa mtundu umenewu palibe cidindo cingakucotse. Cimene cinasintha zinthu ndi faiba, kuphatikizapo imene ZESCO inayala pa mizati yake ya magetsi, yolumikiza dziko lopanda nyanja lino ku zingwe za pansi pa nyanja kudzela m'maiko oyandikana nalo. Cingwe ca SEACOM cinayamba nchito mu 2009, ca EASSy mu 2010, ndipo ca WACS mu 2012. Pa faiba kuwala kumatenga mamilisekondi 5 pa makilomita 1,000 alionse. Starlink, imene inayamba nchito m'Zambia mu October 2023, imagwilitsila nchito masetilaiti a pafupi, pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 550. Mtunda utafupika motelo, kucedwa kwa pa mzele ndiko kumene kwatsala m'manja mwa akatswili a kuno. Ndipo monga cilala ca 2024 cinatikumbutsa pamene madzi anacepa ku Kariba, swichi yopanda magetsi siwelenga cidindo ciliconse.

Bungwe la ZICTA, limene linalowa m'malo mwa Communications Authority of Zambia potsatila lamulo la 2009, ndilo lili ndi udindo woyang'anila ubwino wa nchito za makampani a mafoni ndi intaneti, ndipo ndi kumene kasitomala angapeleke dandaulo kampani ikalephela kumuthandiza. Cimene kasitomala amaona ndi zotulukapo, monga foni zoduka ndi liwilo locepa. Manambala a PCP ali mkati mwa makina a kampani, ndipo iye sawaona.

Kwa mwini sitolo ya intaneti, mphunzitsi woyang'anila makompyuta a pa sukulu, kapena mwini nyumba wogawila alendi ake Wi-Fi, zimene angacite zili mkati mwa mpanda wake. Maswichi ochipa ogulitsidwa m'tauni ndi a mtundu wosalamulilika. Ena a iwo amalembedwa 802.1p pa katoni, kutanthauza kuti amalemekeza cidindo cimene cabwela kale, koma sangaike cidindo kapena kufafaniza cabodza. Wofuna mphamvu imeneyo afunika swichi yolamulilika, imene pa katoni imalembedwa managed kapena smart. Pa rauta ayatse WMM, ndipo aike malile a liwilo lotumizila pansi pang'ono pa limene kampani imapeleka. Akatelo mzele umapangika m'rauta yake, mmene iye angasankhe woyamba kupita. Akapanda kutelo umapangika m'makina a kampani, mmene mafulemu ake onse ndi 0.